Kalenzi ka 40 kafika ku Mangochi, mpukutu woyamba watsukidwa

Lolemba m'mawa

Che Saidi: Akuluakulu, mwadzuka bwanji nonse. Katundu uja ndinkanena mwezi watha wafika. Achimwene a ku Joni anapatsira munthu wa pa basi, ndinakalandira Lachisanu. Ndi lenzi ya Voigtländer Nokton Classic 40mm f/1.4 (1.4 yo ikusonyeza kuti imatseguka kwambiri kulowetsa kuwala, nambala ikamakula kabowo kamachepa), yogwiritsidwapo kale ntchito koma galasi lake lili mbee, lopanda nkhungu ngakhale pokalika. Nditamasula kaphukusiko mtima unayamba wagunda kaye, ndimayesa atumiza chivindikiro chokha lenzi n'kuiwala. Kanthu kake kutalika ndi masentimita atatu basi, kulemera magalamu 175. Koma ukakanyamula dzanja limamva kuti ichi n'chitsulo. Ndakamangirira pa Bessa R2A yanga ija ya mtundu wa rangefinder, kamera yonse ikulowa m'thumba la jekete. Loweruka ndi Lamulungu ndamaliza mpukutu umodzi wa filimu ya Ilford HP5, ndatsuka usiku wathawu. Ndiponya zithunzi pang'onopang'ono, netiweki ikuvuta.

Che Twaibu (Joni): Iwe Saidi, ukuti chivindikiro? Ine ndagonera buledi ndi madzi kuno chifukwa cha chivindikiro chimenecho. Ngati chachepa bweza, ndikagule nsapato kkkk

Che Saidi: Pepani achimwene, sichibwerera. Mulungu akudalitseni, sikomo kwejinji.

Yamikani: Mabwana, ine ndine wachilendo pagulu pano, ndimajambula ndi foni. Safunsa anadya phula. Rangefinder yo n'chiyani kwenikweni? Ikusiyana bwanji ndi makamera a paukwati aja?

Kondwani (BT): Wafunsa bwino mng'ono wanga. Makamera akuluakulu aja, ma SLR, diso lako limaona kudzera mu lenzi momwemo chifukwa mkati muli kagalasi kobweza kuwala. Rangefinder ilibe kagalasi kameneko. Umasuzumira pa kazenera kapadera kamene kali pakona, ndipo pakati pa kazenerako pali kabokosi kowala momwe chinthu chimaoneka pawiri. Ukamapotokola lenzi ziwirizo zimayandikana, zikangokumana n'kukhala chimodzi ndiye kuti fokasi yakwana, dina. Poti mulibe kagalasi, lenzi imakhala pafupi kwambiri ndi filimu, n'chifukwa chake amatha kuipanga yaing'ono chonchija. Mkamwa momangirira lenzi ya Che Saidiyi anayambitsa ndi a Leica pa kamera yawo ya M3 mu 1954, mpaka lero ndi momwemo. Dzina la Voigtländer ndi lakalekale, linayambira ku Vienna mu 1756, koma kuyambira 1999 amene akupanga malenzi a dzinali ndi a Cosina ku Japan.

Che Saidi: Ndiye kuti ndaima pa mlatho womanga a ku Japan n'kumajambula ndi lenzi ya ku Japan komweko. Koma Yamikani, mvetsetsa zimene anena a Kondwanizo, zoti diso silidutsa mu lenzi. Loweruka m'mawa ndili pa mlatho wa Bakili Muluzi, pansi pakudutsa bwato, mkulu wina akupalasa mwana wake atakhala kutsogolo akukapa madzi ndi chigubu chodula. Ndinasuzumira, zonse zikuoneka bwinobwino, ndadina. Ndadinanso. Kachitatu m'pamene khutu linandiuza kuti shutter, kachitseko kolowetsa kuwala pa filimu kaja, ikuchedwa kutseka, ikuchita ngati yagona. Kutembenuza kamera, chivindikiro chili phee pamalo pake. Zithunzi zitatu zapita, bwatolo lalowa kale pansi pa mlatho. Wakabaza wina amene amandiyang'ana anangoti, "Bwana, ndimafuna ndikuuzeni koma ndimayesa ndi mmene amajambulira."

Anabanda: Kkkkkk koma abale inu. Wakabazayo ndamukonda.

Madala a Studio: Musadandaule mwana wanga, ameneyo ndi msonkho. Aliyense wogwira rangefinder anaupereka. Ine ndinaupereka pa chinkhoswe, mkwati ndi mkwatibwi akuvekana mphete. Nkhani yake ndidzakamba tsiku lina, mpaka lero ndikakumana ndi banjalo ndimapatuka.

Lolemba masana

Che Saidi: Chithunzi choyamba chalowa, cha nsanja ya wotchi ija. Apa m'pamene 40 yandikopa. Ndi 50mm yanga yakale, kuti nsanjayo ndi mfuti ya sitima yakale yankhondo ya Guendolen zilowe pamodzi ndimachita kubwerera chafutambuyo mpaka kulowa mumsewu, makabaza akundiimbira mabelu. Ndi iyi ndinangobwerera mapazi angapo, zonse zalowa, pamodzi ndi mayi wogulitsa mango amene anakhala pamthunzi. Ndipo mayiyo sanachepe ngati nyerere monga zimakhalira ndi lenzi ya 28mm.

Kondwani (BT): Chifukwa chake chilipo. Chithunzi cha filimu ya 35mm ndi mamilimita 24 kwa 36, ukayeza kuchoka pakona kufika pakona inayo ndi pafupifupi 43. Ndiye lenzi yoyandikira 43 imaonetsa zinthu mosakokomeza, zakutali sizithawa, zapafupi sizitupa. 40 ili pafupi ndi 43 kuposa 50 kapena 35. Koma Che Saidi, ndaona phazi la mayiyo laduka. Munagwiritsa mizere iti?

Che Saidi: Mwandigwira. Vuto lalikulu la lenzi iyi pa kamera yanga ndi lomwelo. M'kazenera ka R2A muli mizere yokuuza malire a chithunzi ya 35, 50, 75 ndi 90, umasankha ndi kachitsulo kapamwamba. Ya 40 mulibe. Ndinaika pa 35 n'kumati ndizichotsera pang'ono m'maganizo. Kuganiza n'kosavuta uli pakhonde, koma pamsika anthu akukuwomba mapewa umaiwala. Pa zithunzi 33 zimene zatuluka, zisanu ndi chimodzi ndadula munthu phazi kapena chigongono.

Kondwani (BT): Mchemwali wake wa kamera yanuyo, R3A, ndiye anapangidwira lenzi imeneyi. Ili ndi mizere ya 40, ndipo kazenera kake sikachepetsa zinthu, umatha kujambula maso onse ali otsegula. Leica CL ya 1973 ndi Minolta CLE nazonso zili ndi mizere ya 40. Ife a Leica M6 ndiye zathu n'zina, ukamangirira 40 kamera imatulutsa yokha mizere ya 50. Ena amatenga fayilo n'kupala kadzino kamodzi kumbuyo kwa lenzi kuti izitulutsa ya 35.

Che Twaibu (Joni): Fayilo? Pa lenzi yogula ine? Saidi, ukangoyerekeza usadzandiimbirenso.

Che Saidi: Mtima pansi achimwene, pa Bessa sipafunika kupala chilichonse. Nkhani ya a Leica imeneyo.

Madala a Studio: Ana inu mukundiseketsa. Mukukamba za 40 ngati chinthu chogwa kumwamba dzulo. Ine ndinayenda ndi Canonet QL17, ya mtundu wotsiriza uja unatuluka mu 1972, zaka zambirimbiri, ndipo lenzi yake ndi 40mm f/1.7 yosachotseka. Ndinkaipachika m'khosi, njinga yanga ya kapalasa, kuchoka pa boma kukwera mpaka ku Namwera, tsiku lina ku Malindi. Anzanga ena anali ndi Yashica Electro 35 ya 45mm, ena Olympus Trip 35, nayonso 40. Palibe amene ankadziwa kuti pali kusankha. Banja lathunthu lavala za Eid laima pakhomo, 40. Mnyamata akufuna chithunzi chotumiza kwa chibwenzi, atagwira wailesi yobwereka, 40 yomweyo, umangosendera pafupi. Zoom inali miyendo. Zithunzi zakale zimene zili m'ma alubamu a makolo anu kunoko, zambiri zinatuluka m'malenzi a msinkhu womwewu, n'chifukwa chake mwana wanga Saidi wakopeka. Diso lake linakulira pamenepo, iye sakudziwa chabe.

Che Saidi: Madala, mwina mwalasa. Chithunzi cha mayi anga ali mtsikana ataima pafupi ndi mpapaya, munthu yense akuoneka, nyumba kumbuyo ikuonekanso. Dzulo ndajambula mwana wanga pakhomo n'kuona ngati ndachionapo kale chithunzicho.

Madala a Studio: Ngati kumbuyo kwake kuli chidindo chofiirira chofufutika, mwina ndinajambula ndine. Za mizere zisakuvuteni. Ikani pa 35, munthu mumusiyire mpata wa chala chimodzi kuzungulira konse. Mipukutu itatu, dzanja lizolowera.

Yamikani: Agogo, Canonet yo ilipobe?

Madala a Studio: Ili m'sutukesi. Mabatire ake a mercury anasiya kupanga, koma imajambula popanda batire, umangoyeza kuwala ndi maso. Chovuta ndi maso angawa, kabokosi kapakati kaja sindikaonanso.

Lachiwiri

Anabanda: Ndawerenga zonse, ndiye mundilole ndithireko mchenga pang'ono. Achimwene a Saidi, mwalipira ndalama zambiri chifukwa cha 1.4 imeneyo. Kuno ku Mangochi, mu Okutobala muno, 1.4 muigwiritsa ntchito nthawi yanji? Dzuwa lake ili loti phula amachita kunyambita nsapato.

Che Saidi: Achemwali, funso limeneli ndadzifunsa ndili pa msika thukuta lili kamukamu. Masana n'zosatheka. Filimu ya 400, yosachedwa kugwira kuwala, dzuwa lili pamutu, ngakhale ndiike shutter pa 1/2000 ya sekondi pomwe Bessa imathera, lenzi iyenera kutsekedwa mpaka pa 8. Tsiku lonse ndinali pa 8 ndi 11.

Kondwani (BT): Ife a M6 timathera pa 1/1000, ndiye n'zoipirapo. Mankhwala ake ndi fyuluta ya ND, kagalasi kakuda kochepetsa kuwala. Kukamwa kwa lenzi yanuyo ndi 43mm, uzani a ku Joni. Ya masitepe atatu ikutsitsani kuchoka pa 8 kufika pa 2.8. Apo ayi masana muziika filimu ya 100. Chinanso kwa amene ali ndi kamera ya shutter yansalu ngati yangayi, musaisiye chagada padzuwa lenzi ili yotsegula. Lenzi imasonkhanitsa dzuwa ngati mmene ana amayatsira pepala ndi galasi, imaboola nsaluyo. Bessa ilibe nkhawa imeneyo, shutter yake ndi yachitsulo.

Che Twaibu (Joni): Mndandanda ukukula. Lenzi, fyuluta, mawa mumva akufuna galimoto yonyamulira.

Che Saidi: Koma achemwali, dikirani muone ichi ndaponyachi. Lamulungu madzulo ndinapita ku Makawa, dzuwa litangolowa kuseri. Asodzi akukonzekera ulendo wa usipa, ena akukoka chilimira kulowetsa m'boti, mmodzi atagwada pamchenga akuyesa nyali imodziimodzi. Kuwala kunali kwa nyali zokhazo ndi kufiira kotsalira kumwamba. Ndinatsegula mpaka 1.4, shutter pa 1/30, zigongono ndatsamiritsa pa thandala la usipa, mpweya ndaugwira. Taonani nkhope yakeyo, mbali imodzi yawala, thukuta pamphumi likuoneka, mbali inayo yamira mumdima. Ndi 50 yanga ya f/2.8 ndikanangobweza kamera m'chikwama n'kumapita kunyumba. Popanda fulashi, palibe amene anadzidzimuka.

Anabanda: Chabwino, ichi ndagoma nacho. Koma m'makona mwada, ndipo nyali zakumbuyozo zikuoneka ngati mphete, m'mphepete mowala pakati mozimirira. N'dala?

Kondwani (BT): Ndi khalidwe la lenzi imeneyi ikatsegulidwa yonse. Makona amada, zakumbuyo sizisungunuka mosalala, zimachita ngati zikunjenjemera. Dzina loti Classic analiika dala, anatsata kapangidwe kakale, magalasi asanu ndi awiri mkati popanda lina lapadera lowongola zolakwikazo. Ena amadana nazo, ena amagulira zomwezo. Ukatseka kufika pa 2.8 zambiri zimatha, pa 5.6 ndi 8 ndiye chithunzi chimagwira kuchoka pakona kufika pakona. Che Saidi, yanuyo ndi MC kapena SC? Onani kutsogolo, ya SC imalembedwa S.C.

Che Saidi: Palembedwa S.C. Ndimayesa ndi dzina la mwini wake woyamba kkkk

Kondwani (BT): Ayi, zikutanthauza kuti magalasi ake anawapaka mankhwala oletsa kunyezimira kamodzi kokha, pomwe a MC anawapaka kangapo. Ya SC simakuza mdima, m'mithunzi mumaoneka zinthu, n'chifukwa chake ojambula zakuda ndi zoyera amaikonda. Koma ikayang'anizana ndi dzuwa imachita chifunga. Ndiye inu wokhala m'mbali mwa nyanja, madzi akuthwanima tsiku lonse, kachipewa kotchinga kuwala n'kofunika.

Che Saidi: Ndiye chifukwa chake! Zithunzi ziwiri za pa mlatho, zimene ndinajambula nditachotsa chivindikiro, zatuwa ngati kunali utsi. Ndimaganiza kuti ndalakwitsa potsuka.

Che Twaibu (Joni): Kachipewanso. Ndalemba.

Anabanda: Ine pa ntchito yanga sindingaiyerekeze. Mkwatibwi akulowa mu holo akuvina, anthu akufupa ndalama zili m'mwamba, ine ndizikumanitsa tizithunzi tiwiri m'kabokosi? Pofika poti zakumana, keke adula kale. Komanso ndamva kuti siyandikira.

Che Saidi: Imathera pa masentimita 70. Ndinafuna kujambula usipa uli pa thandala kuti maso ake aoneke, zinakanika, chatuluka ndi thandala lonse. Za mphete ndi maluwa a mkwatibwi iwalani.

Kondwani (BT): Pa Sony yanu ija ikhoza kulowa ndi adaputa, ndipo alipo ma adaputa ena opotokola amene amailola kuyandikira kuposa pamenepo. Mizere sivutanso chifukwa mukuona zimene lenzi ikuona.

Anabanda: Fokasi ndi yamanjabe. Ine ndili ndi ana asukulu, a Kondwani, sindingauze mwini ukwati kuti chithunzi cha apongozi chachita chimbuuzi koma chili ndi khalidwe.

Madala a Studio: Mayi, ife maukwati tinkajambula ndi manja omwewa. Umaika pa 8, fokasi pa mamita atatu, aliyense amene ali pakati pa mamita awiri ndi asanu walowa. Sumasuzumiranso kabokosi, umangoyang'ana nkhope. Koma sindikutsutsani, masiku ano mwini ukwati amafuna zithunzi mazanamazana usiku womwewo. Ife tinkapereka 36 pakatha sabata ziwiri, anthu n'kuvina.

Lachitatu usiku

Che Saidi: Ndaunikanso manegativu ndi galasi lokuzira, pali china chandidabwitsa. Ndinajambula mwana wanga pafupi, mita imodzi, katatu. Pa 1.4 diso lili bwino. Pa 2.8 diso lafewa pang'ono koma khutu ndiye likuoneka bwino kwambiri. Pa 5.6 zonse zili bwino. Ndine ndagwedezeka kapena kamera yasokonekera pa basi?

Kondwani (BT): Zikhoza kukhala zonse, koma malenzi a kapangidwe aka amadziwika ndi zimenezo. Ukamatseka kuchoka pa 1.4, malo a fokasi amasunthira kumbuyo pang'ono, ndipo pa 2 mpaka 4 kusunthako kumaoneka ukakhala pafupi. Ukafika pa 5.6 kuya kwa fokasi kumakwirira. Kamera siidziwa zimenezi, kabokosi kaja kamangoti zakumana. Yesani bwinobwino musanaiimbe mlandu. Imikani mabotolo asanu pa tebulo motsatizana chopingasa, kamera muikhazike pa mpando isagwedezeke, fokasi pa botolo lapakati, jambulani pa 1.4, 2, 2.8 ndi 4. Kumbukiraninso kuti timazenera tiwiri toyezera mtunda pa Bessa tili pafupi, mpata wake ndi pafupifupi theka la wa Leica, ndiye pa 1.4 kuphonya n'kosavuta.

Che Saidi: Zithunzi zinayi za mabotolo, filimu yochita kuchokera ku Joni. Mayi a kunyumba akandiona andithamangitsa.

Yamikani: Inu mukutsuka nokha filimu? Kunyumba?

Che Saidi: Ee, yakuda ndi yoyera sivuta. Mankhwala ndi ID-11 waufa, amabwera m'paketi. Filimu ndimalowetsa m'kathanki ndili m'chipinda usiku, zenera ndatchinga ndi bulangete, pansi pa chitseko ndatsekapo ndi chitenje. Mdani ndi kutentha. Mankhwala amafuna madigiri 20, pomwe madzi a pampopi kuno mwezi uno amatuluka ngati osambitsira khanda. Ndimagula ayezi wa m'mapepala uja kwa mayi wogulitsa mafirizesi, n'kuika botolo la mankhwala m'beseni mpaka thermometer itsike. Magetsi akazima tsiku lonse ayezi kulibe, kutsukanso kulibe. Poyanika ndimapachika m'bafa nditathira madzi pansi kuti fumbi ligone, zopanira zovala ziwiri kumunsi kuti isapindike.

Yamikani: Zonsezi chifukwa cha zithunzi 36. Foni yanga usiku imajambula mbee osavutika.

Che Saidi: Imajambuladi, sindikana. Koma ndikuuze chimene ndaona ku Makawa. Chaka chatha ndinapita komweko ndi kamera yobwereka, lenzi yaitali ngati mtondo. Ndisanajambule n'komwe anthu anayamba kufunsa kuti ndachokera ku bungwe liti, ena akuti ndalama kaye, amayi akubisa nkhope ndi mipango. Ulendo uno ndinapereka moni, ndinakhala pa bwato logadabuzika tikucheza za mtengo wa mafuta, kenaka ndinapempha. Mkulu wa nyali uja anaitenga kamera, kuitembenuza, n'kunena kuti "kagalimoto ka ana aka kamajambuladi?" Anaseka n'kubwerera ku nyali zake, osandilabadiranso. Ndipo ndi 40 sungabe chithunzi uli patali, uyenera kufika poti munthu akumva kupuma kwako. Amayi awiri anakana, ndinawasiya.

Anabanda: Pamenepo ndiye mwachita bwino. Ena amangofika n'kuyamba kuthwanimitsa ngati akujambula mbuzi. Koma mukamupatse chithunzi chake mkuluyo, musachite za alendo zolonjeza.

Che Saidi: Ndasindikiza kale ziwiri pa boma, ndipita nazo Loweruka. Anandiuza kuti ndikamupeza m'mawa akamakocheza.

Madala a Studio: Mchenga, mwana wanga. Mukabwerako musapukute galasi ndi malaya, muuzire kaye. Ndipo mvula ikayamba musaitsekere m'chikwama chachikopa, nkhungu imadya galasi. Ine ndinkasunga m'chitini chotseka bwino ndi mpunga wokazinga m'kansalu. Inu muli ndi timapaketi ta m'mabokosi a nsapato tija, tiziumitsani padzuwa kawirikawiri.

Kondwani (BT): Ine ndikubwera ku Monkey Bay kumapeto a mwezi, ndidutsa pa boma. Ndibweretsa M6 ndi 35 yanga, timangirire lenzi yanuyo pa kamera yanga tione ngati khutu lija lizionekabe bwino kuposa diso. Filimu ya mabotolo ndi yanga, mayi a kunyumba asakuthamangitseni.

Madala a Studio: Mukabwera mundidzere. Nditsegule sutukesi, mnyamata wa foniyu aione Canonet ndi maso ake. Ngati shutter sinamatirire ndimubwereka mpukutu umodzi.

Yamikani: Agogo, zoona? Chivindikiro ilinacho?

Madala a Studio: Ndinachitaya mu Shire tsiku la chinkhoswe lomwe lija.

Che Twaibu (Joni): Saidi, tumiza chithunzi cha kutsogolo kwa lenziyo, manambala aoneke. Fyuluta 43, kachipewa, HP5 zingati? Wa basi anyamuka Lachiwiri.

Che Saidi: Zisanu achimwene, ngati thumba lilola. Muzikulunge m'zovala zikhale pakati pa chikwama, zisayandikire injini.